Chilala cha 1992 Chili M'dzenje la Bawo

Moatize, Agosto 2023

Okondedwa achimwene a Venâncio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nacala kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Belmira ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, kungoti malaya oyera ndinaleka kugula, chifukwa fumbi la malasha limawavala ine ndisanawavale.

Tsopano khalani pansi, vulani chipewa, muitanenso alamu. Ine Suzete, mwana wa a Jacinto, womaliza maphunziro a zankhalango, ndikulengeza kwa abale onse a pafupi ndi a kutali kuti Lamlungu lapitali, pansi pa mpichesi wa azakhali a Bernardina ku Zóbuè, Bambo athu anagonjetsa akatekista a Cristóvão pa bawo. Akatekista akuti anaberedwa. Mpingo wagawikana pawiri.

Mukudabwa kuti thabwa la bawo Bambo analitenga kuti. Ndinawapatsa ndine, ngakhale kuti mwini wakene sindinkadziwa kuti ndikupereka.

Mlombwa wa pakhomo pathu ku Mithete mukuukumbukira, uja munagwamo n'kunamizira mphepo. Makina a mgodi anaugwetsa chaka chimene anatisamutsa, koma chitsa chinatsala m'mphepete mwa mpanda. Chaka chino ndinapempha chilolezo, ndinapeza munthu wa motosera, macheka a injini aja, n'kudula chidutswa chozungulira chachikulu ngati gudumu la ngolo.

Nthawi zonse ndikayamba kukufotokozerani ntchito yanga pa foni, mumati mawu akudukaduka. Kalata siidukaduka, ndiye lero mumva. Chaka chilichonse mlombwa umawonjezera mzere umodzi wozungulira m'kati mwake. Mvula ikagwa yambiri, mzerewo umanenepa. Kukakhala chilala, umaonda ngati ulusi. Ukawerenga kuyambira kukhungwa kulowera pakati, umabwerera m'mbuyo mpaka zaka zimene kuno kunalibe munthu woyeza mvula. Ndiye umadziwa ngati zilala zikutisautsazi n'zachilendo, kapena zinkabwera kale, ndipo zinkabwera motalikirana bwanji.

Vuto ndi lakuti mitengo yakale kuno inatha. Ina ndi makala, ina ndi mipando ya m'maofesi. Wathuwu mizere yake inkafika nthawi imene agogo anali asanabadwe. Apulofesolo anga a Silvério ataona chithunzi chake anavula magalasi. Anati ndikauyeza bwino mwezi wa Setembro usanathe, bolsa, ndalama zolipirira sukulu, yokapitiriza maphunziro ku Portugal ndi yanga.

Ndinachipala chidutswacho ndi lisha, pepala lokhakhala lija, mpaka foni yanga inasiya kuzindikira chala changa. Ndinaika timadontho ta pensulo pa zaka zofunika. Chilala cha 1992 ndinachipeza, kamzere koonda kochititsa chisoni. Koma kutentha kwa Moatize mukukudziwa, mtengo unayamba kufuna kung'aluka. Ndinaganiza zokausiya ku Zóbuè kozizira, kumene Bambo akukhala ndi azakhali, kuti uume pang'onopang'ono.

Nsalu yopanda fumbi m'nyumba mwanga inali imodzi yokha, kapulana watsopano amene ndinali ndisanavale. Ndinakulungamo chidutswacho, n'kukwera shapa, minibasi zathu zija. Nditafika ndinapeza Bambo pakhonde, monga mwa masiku onse chisamutsidwire ndi chimwalirire Mayi: maso kumsewu, chilichonse ungafunse yankho n'lakuti zili bwino. Ndinagwada monga timachitira, n'kupereka ndi manja awiri. Ndinati uwu ndi mlombwa wakwathu uja, ukhale kwa inu.

Tandiuzani, achimwene. Mwana wamkazi wagwada, manja awiri, kapulana watsopano. Kwathu kuno zimenezi zimatchedwa chiyani? Azakhali analuluta mpaka nkhuku zinathawa. Ine ndinkati akukondwerera sayansi.

Patapita milungu ingapo ndinabwerera ndi lupa yanga, kagalasi kokulitsa zinthu kaja. Ndili patali ndinaona khamu pansi pa mpichesi: ogulitsa mbatata, anyamata a njinga zamoto a pamalire, akatekista, ngakhale wapolisi wina amene ankayenera kukhala pa ntchito. Ndinkati kwagwa maliro. Nditasuzumira ndinaona chidutswa changa chili pampando, chitakumbidwa maenje mizere inayi, chikunyezimira mafuta a nsatsi. Bambo anali atabwereka sompho.

Achimwene, chilala cha 1992 chili m'dzenje limene timiyala ta akatekista timadyedwera. Zaka za nkhondo zinapita ndi zipalapala, azakhali anasonkhera moto.

Ndisanatsegule pakamwa, Bambo anandiloza n'kuuza anthu kuti mwana wawo ndi ameneyu, wa ku yunivesidade, gwirani thabwali mumve kusalala kwake, sukulu si yonama ayi. Kenako ananditengera pambali kuti asandichititse manyazi. Anati timadontho ndinaika tosonyeza pokumba tija tinali tokhotakhota, mwakuti anachita kuyezanso okha ndi udzu. Anati sukulu yonseyi, osatha kuika madontho pa mzere wowongoka? Akatekista anafunsa ngati ndingapezeko nthawi yowapalira mabenchi a m'tchalitchi. Azakhali akuti iwo ali ndi chitseko.

Ndinaimbira apulofesolo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati sizinatheretu, chifukwa kunsi kwa thabwalo mizere ikadali yonse. Anati ndilibweretse, tilicheke pakati, titengepo kachidutswa kautali kochokera kukhungwa mpaka pamtima. Ndinafunsa kuti nanga bawo? Anati bawo likhala zidutswa ziwiri zosakumana, koma ine ndikhala ku Portugal.

Loweruka ndinanyamuka ndi thumba lalikulu lokatengera thabwalo. Mawu okauza Bambo ndinawakonza m'Chipwitikizi, chifukwa m'chinenero chathu sindikanatha kuwamaliza.

Bambo ndinawapeza akuba pa bawo. Inde, akuba, kamwala katabisala m'dzanja lamanzere monga ankachitira posewera ndi ife tili ana. Akatekista ankalumbira kutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Bambo ankaseka, mutu chagada, mpata wa mano uja uli poyera. Mpata umenewo munauona liti komaliza? Ine ndinali nditaiwala kuti uli mbali iti.

Anthu atabalalika kukadya, ndinakhala pansi, thumba lili pambali, Chipwitikizi chili pakhosi. Bambo ankayendetsa chala pa mizere imene inatsala pakati pa maenje. Anati azakhali anawauza kuti mizereyi ndi zaka, ndi zoona? Ndinati n'zoona. Anati ndiye ndiwaonetse chaka chimene Mayi anabwera pakhomo paja.

Ndinatulutsa lupa n'kuwerenga kuyambira kukhungwa. Mzerewo unapulumuka, uli pakati pa maenje awiri, wonenepa bwino. Anaikapo chala chachikulu osachotsa. Anati chaka chimenecho inagwa mvula, amayi ako anafika ndi matope mpaka m'mawondo, ndipo anakwiya mlungu wathunthu.

Kenako anafunsa chaka chanu chobadwa. Pepani achimwene, inu muli m'dzenje. Bambo akuti sakudabwa, chifukwa ntchito ya kumunda ikayamba munkasowa chomwecho.

Thumba lija ndinabwera nalo lodzaza mbatata za azakhali. Chipwitikizi ndinabwera nachonso chosagwiritsa ntchito.

Apulofesolo ndinawauza zoona zake. Sanandikalipire, anangoti akumva. Bolsa yapita kwa mnzanga wina wa ku Manica amene mitengo yake ilibe makolo osewera bawo. Ine ndipitiriza kuphunzitsa ku sekondale kuno, kuuza ana za nkhalango pawindo pakuoneka phiri la miyala ya mumgodi.

Pempho langa ndi ili. Mukabwera pa Natal, pa Khirisimasi paja, musatchule za Portugal pamaso pa Bambo. Iwo akudziwa kuti ulendo unasintha, basi. Akadziwa chifukwa chake, mawa lomwelo akulunga thabwalo m'kapulana yemweyo n'kundibwezera ndi manja awiri, kenako abwerera pakhonde paja kukayang'ana kumsewu. Alamu muwachenjezenso, pakamwa pawo timapadziwa tonse. Inu mudzangokhala pansi, muyamikire kusalala kwa ntchito ya manja anga, musewere nawo. Muziyang'ana dzanja lamanzere, koma musanene kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Délio ndi Assucena, muwauze kuti agogo awo akuwadikira kuti adzawabere nawonso. Azakhali akupereka moni, akuti mubwere ndi nsomba zouma, osati nkhani. Mulungu akusungeni, akutetezeni pa ntchito yanu ya padoko.

Kazaku wochindikala, jekete imene ndinagulira kuzizira kwa ku Portugal, ndinawapatsa Bambo, poti ku Zóbuè kumazizira. Wawakwana. Pafupi ndi mtima wa mlombwa uja ndinaonapo timizere toonda tondondozana, chilala chachitali chimene palibe wamoyo akuchikumbukira. Ndinali ndisanawerenge kuti chinali zaka ziti, ndipo sindidzadziwa. Mu shapa pobwerera ndinalira mpaka pa Mussacama, mayi wina anandipatsa nthochi poganiza kuti ndikuchokera ku maliro. Ndinalandira ndi manja awiri.

Ndine mlongo wanu,
Suzete