Chitini Chofiira cha ku Tacoma

Albany, Georgia
Lamulungu masana

Wokondedwa mng'ono wanga Marvella,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wathanzi, iwe ndi alamu anga a Dontrell ndi ana. Chifuwa chija chamusiya Keon? Mvula ya kwanu ku Tacoma siikata, ndiye usamulekerere kutuluka wopanda chipewa ngati atate ake. Kuno tili bwino ndithu. Azakhali a Lutie akadali amphamvu, makamaka pakamwa.

Ndalemba pamanja chifukwa pafoni umandidula mawu.

Nkhani ndi ya adadi. Ukukumbuka kuti atawapeza ndi matenda a shuga ndinawakhazika pansi, ine mwana wawo wa digiri, amene ndimaphunzitsa anamwino ku koleji. Ndinawauza kuti shuga akachuluka m'magazi sangokhala phee. Amaswekasweka n'kubala tizinthu taukali timene timamatirira ku mitsempha n'kuiumitsa, monga shuga wopserera amakakamirira pansi pa poto. Oyamba kulipira ndi maso, impso ndi zala za kumapazi. Ndinawauzanso kuti zina zamtundu womwewo timazimeza zopangikapangika, m'khoko lakuda lija la nthiti zowotcha limene iwo amalitcha ulemerero wa nkhumba.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa ngati ku yunivesite anandiphunzitsako kuyatsa makala.

Amene anawatembenuza si ine ayi, ndi chala chawo. Anaponda msomali m'galaja osamva kalikonse, anangodabwa kuona magazi pa sokosi. Bala linatenga nthawi kupola, ndipo dokotala anawauza mosapsatira kuti likabweranso lina, chala chachikulu chikhoza kutsalira kuchipatala. Pamenepo ndiye digiri yanga inayamba kulemekezedwa.

Ubwere udzaone, sungawadziwe. Nyama amayamba aiviika m'madzi a mandimu ndi viniga kuyambira dzulo lake. Amaikulunga kuti ipse ndi nthunzi yake pa moto wofatsa, ndipo msuzi wotsekemera uja saupakanso. Mbale imadzaza ndi mpiru. Akadya amayenda mpaka kumtsinje n'kubwerako, akukangana ndi galu wa aneba. Ndipo nyamayo, ndinene zoona, ikukoma kuposa kale.

Tsono imva chipongwe. Pa chakudya cha mpingo mwezi watha ndinawamva akuuza madikoni kuti za mandimuzo n'chinsinsi cha agogo awo. Agogo awo! Ine ndili pomwepo, chipande chili m'manja. Dikoni wina anatembenuka n'kundilangiza kuti ndiziphunzira kwa akuluakulu. Ndinameza, poti tinali pabwalo la tchalitchi.

Komabe chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu. Shuga wawo amatsika bwinobwino, koma mwezi ukangoyamba amakweranso ngati wina akumukoka ndi chingwe. Ndinaloza chala azakhali a Lutie ndi makeke awo a mbatata. Anandisambwadza mpaka makutu kutentha. Anati ngati ndikufuna wakuba ndikamufune kwina, kwa iwo ndichoke.

Lachinayi lapitali galimoto yanga inali kwa amakanika, ndiye ndinabwereka ya adadi. Pokokera mpando kutsogolo ndinamva chinthu chikulira pansi. Chitini chofiira, dzina lawo lili pamwamba m'kalembedwe kako kopendama kaja. M'kati munali maswiti a mtedza, a shuga wotenthetsa mpaka kufiira, onga ankapanga amayi. Linali litatsala theka.

Ndinalowa nacho m'nyumba nditakonza ulaliki wonse. Ndinachiika patebulo pamaso pa adadi. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, n'kuyamba kunena kuti upolisi wangawu udzandithawitsira amuna onse a mu Georgia. Ndinayankha kuti amunawo athawe, bola athawe ndi zala zawo zonse. Anaseka pang'ono. Kenaka anaika dzanja pachivundikiro n'kunena motsitsa mawu:

"Verdell, mwana uja amachoka kuntchito atatopa, n'kuima pachitofu kutakasa mpaka mkono kuwawa, ngati amayi ako. Ndikagawira ena, ndagawa Marvella. Ndikataya, ndataya Marvella. Ndiye ndimadya."

Ulaliki wanga unathera pomwepo.

Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, kuopa kuti ukhumudwa n'kusiya kutumiza. Ndinavomera. Lero ndapita ku tchalitchi, ndaimba bwino, ndabwerako, ndipo ndikuswa lumbirolo ndi cholembera chawo chomwe.

Usalire, ndimakudziwa. Sunalakwe. Palibe amene anakuuza za msomali uja, poti tonse tinkati uli kutali, udandaula chabe.

Pempho langa ndi ili: usasiye kutumiza chitini. Azakhali akuti tsiku la phukusi lako likayandikira, mkuluyu amameta ndevu n'kukakhala pakhonde kudikira wa positi, ngati mnyamata wodikira chibwenzi. Zitini zonse zakale anazindandalika m'galaja, ngakhale chimodzi sanataye. Si shuga amene amadikira, Marvella.

Ikamo china. Ikamo zithunzi za ana, ndi akavalo amiyendo isanu amene Tamsin amajambula. Ukafuna, ikamo mtedza wauwisi. Ndikudziwa kuti kuno mtedza tili nawo wambiri kuposa nzeru, koma wochokera kwa iwe adzauwiritsa okha n'kuuza msewu wonse kuti wa ku Tacoma ndiye wonona. Koposa zonse ikamo masokosi ofewa, osathina, opanda msoko wokanda. Amene ndinawagulira ine anakana, ati ndi a nkhalamba. Ako adzavala ngakhale akhale a maluwa.

Ukawaimbira usanditchule. Unene kuti mkono wako watopa ndi kutakasa. Adzadziwa kuti ndi bodza, adzadziwanso wolipanga, ndipo adzandiyang'ana cham'mbali sabata yonse. Ndazolowera.

Undiperekere moni kwa alamu, uwapsompsone ana m'malo mwanga. Ambuye akusungeni nonse, akupatseninso dzuwa ngakhale la tsiku limodzi.

Pamene ndikulemba pano adadi agona pampando wapakhonde, mapazi ali m'mwamba. Ndawerenga zala, zilipo khumi. Ukabwera pa Khirisimasi udzawerenge wekha.

Ndine mkulu wako wolongolola,
Verdell