Mizere ya pamimba pa Konadu

Kumasi, 9 Marichi

Okondedwa achemwali a Serwaa,

Muli bwanji kuchisanu kwanuko? Chifuwa chija chinatha? Kuno amayi ali bwino, koma bondo lija. Mkazi wanga Adwubi akudzuka bwino pamodzi ndi wakhandayo. Amene sali bwino ndi mwana wathu Konadu, ndipo wolakwa ndine.

Mukudziwa kuti atamuchotsa impso inali ndi chotupa ija, adokotala anati atsirize ndi makina owotcha ndi cheza. Lachisanu lapitalo ndinapita naye ndekha kukamuyeza. Anamujambula, kenako anamulemba timizere takuda pamimba ndi m'nthiti. Nesi anandipatsa pepala la Chingerezi nandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva. Inu mukundidziwa kumene ndinalekezera sukulu.

Lamulungu amayi anati mdzukulu wawo sangalowe m'tchalitchi atalembedwalembedwa ngati thumba la koko. Adwubi anali kuyamwitsa. Ndiye ndinamusambitsa ine, ndi chinkhupule cha ukonde ndi sopo wakuda, monga munkatisambitsira inu, mpaka khungu kuwala, mizere yonse n'kuchoka. Konadu ankaseka kuti ndikumugirigisha.

Masana ndinapatsa mnzanga wa kugalaja pepala lija kuti andiwerengere. Akuti mizereyo isafufutidwe, ndiyo imalozera makina powotcha.

Achemwali, apa ndi pamene ndinaonjezera kulakwa. Ine ndimawotcherera zitsulo, kuyeza ndi ntchito yanga. Ndinamugoneka pamphasa, ndinatenga tepi ndi cholembera changa, ndi kubwezeretsa mizereyo pamene ndinkakumbukira. Ndinamuuza kuti ndi masewera athu awiri, asauze amake.

Lolemba atangomugoneka pamakina, anaitana a Quaye. Iwowa si adokotala, ndi a ntchito ngati yanuyo, owerengera mphamvu ya cheza ndi pamene chikagwere. Anayang'ana kamodzi kokha nandifunsa kuti mmisiri wake ndani. Sanakalipe. Anati dzanja langa ndi lowongoka kuposa la nesi wawo, koma ndaphonya ndi chala chimodzi, ndipo chala chimodzicho ndi pamene pali impso yotsalayo.

Tsopano akuti ajambulenso, awerengerenso. Malo athu apatsidwa kwa wina, ife tabwerera kumbuyo kwa mzere, mwina milungu itatu. Ndiye nesi wandinong'oneza kuti a Quaye akuchoka kumapeto kwa mwezi uno. Apeza malo a maphunziro kunja, a mapulotoni, cheza chamtundu wina chija chimene inu mukufufuza. Wotsala pa ntchito yawoyo ndi mmodzi, ndipo odwala amadzaza khonde mpaka panja. Ndinawafunsa a Quayewo ngati sangadikire. Anayang'ana pansi nati akhala akupempha malowo zaka zinayi.

Amayi amakutchulani dokotala wa madzi, chifukwa munatiuza kuti tsiku lonse mumawombera cheza m'thanki ya madzi ndi kulemba manambala. Nanenso ndinkaseka nawo. Lero sindikuseka. Munati cheza chanucho chimaima pa chotupa penipeni osapsereza za kuseri kwake, n'chifukwa chake chimayenera ana. Munatinso makina ake ndi aakulu ngati nyumba ndipo kwathu kuno kulibe. Ndinamva. Sindikupempha kuti muwanyamule.

Ndikupempha zitatu. Mundiuze zoona, osandinyengerera ngati mwana: milungu itatu chinthucho chingamerenso? Chachiwiri, ndaika nambala ya a Quaye kuseri kwa kalatayi. Muwaimbire, mulankhule nawo m'chilankhulo chanu cha manambala, mwina inu angakumvereni n'kumuwerengera Konadu asananyamuke. Chachitatu sindikudziwa ngati ndili ndi pakamwa pochinenera. Munati mukamaliza mudzabwera. Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Nonse odziwa kuyeza mukupita komweko, kuno kwatsala ine ndi tepi yanga.

Adwubi ndinamuuza kuti makina anawonongeka. Akutukwana makinawo tsiku lililonse, ine ndili chete pambali pake. Konadu wasunga chinsinsi chathu. Dzulo anandibweretsera cholembera chija, wakweza malaya, akuti tisewerenso.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani nzeru pa ntchito yanu. Mundiperekere moni kwa alamu a Darko. Amayi akuti muzivala zofunda. Yankho mulembe kwa ine ndekha, kudzera kugalaja.

Ine mlongo wanu,
Ampofo