Atsibweni akufuna dzina lawo pa pepala la makoko a mazira

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja, ndimakhala ku Nkolokosa ndipo ndimaphunzitsa kemisitiri pa koleji ina muno mu Blantyre. Ndikulemba chifukwa mtima wanga sukukhala m'malo. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka sindidziwa chimene ndadzukira. Dzulo ndinakwera minibasi ya ku Limbe pomwe ndimapita m'tauni, mpaka kondakitala anandiseka.

Ndiyambe ndi ntchito yanga kuti mundimve. Ndimafufuza za chinthu chomwe timati katalisiti. Chimenechi chimafulumizitsa kusintha kwa mankhwala, ngati mmene soda amafewetsera nyemba msanga, kungoti katalisiti timamuchotsamo n'kumugwiritsanso ntchito. Wanga ndimapanga ndi makoko a mazira. Ndimawaotcha mu uvuni wa ku labu mpaka asanduke phulusa loyera, ndipo phulusalo limasandutsa mafuta akuda otsala pa chiwaya kukhala dizilo. Mumsika wa Ndirande amandidziwa bwino, amati "mayi wa makoko wafika", ena amaganiza kuti mutu wanga sukoka.

Pa ntchito yathuyi munthu amalemekezeka ndi mapepala omwe wasindikiza m'magazini a zasayansi, komanso kuchuluka kwa ofufuza ena omwe amutchula m'mapepala awo. Pepala langa loyamba linayenda bwino, anthu a ku India ndi ku Brazil omwe akulitchula. Lachiwiri ndalemba ndi wophunzira wanga, Hafsah, mtsikana wa ku Ndirande. Iyeyo ndiye wapsa zala pa uvuni zaka ziwiri. Tsopano wapeza malo okapitiriza maphunziro kunja, koma amuuza kuti pepalalo likhale litatumizidwa ku magazini mwezi uno usanathe, apo ayi malowo apatsa wina.

Pepala linatha kalekale, Aphungu. Wosatumiza ndine.

Chifukwa chake ndi atsibweni anga a Orton, alongo awo a mayi, omwe amakhala ku Chilomoni. Ndiwo anandilera bambo atamwalira. Nawonso ndi a kemisitiri, anagwira ntchito pa fakitale ina ya mafuta ophikira ku Makata, kenako n'kumaphunzitsa mpaka kupuma. Ndili kamtsikana ankandiika pa tebulo n'kumandionetsa madzi akusintha mtundu m'botolo. Popanda iwo bwenzi ndisakudziwa ngakhale khomo la labu.

Lamulungu lina titadya anati, "Tasaka dzina langa pa foni yakoyo, tione angati anditchula." Ndinasaka. Iwo analemba mapepala angapo kale, za kudzutsa katalisiti wofooka, koma anali a pa taipi, m'magazini omwe anafa. Linatuluka limodzi lokha, otchula awiri. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kupukuta osasiya. Kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonse zija ndinkalembera chiswe?" Ndinamva chisoni kwabasi, misozi inalengeza.

Ndikutsanzika ndi pamene anandigwira dzanja. "Pa latsopanolo undiikepo, mwana wa mlongo wanga. Dzina langa lioneke kamodzi ndisanafe." Ine pakamwa panga panangotuluka "chabwino, tiona". Mukudziwa mmene zimakhalira, munthu wamkulu sumuyankha kuti ayi maso ali gwa.

Vuto ndi loti iwo pa kafukufukuyu sanakhudzepo ngakhale koko limodzi. Magazini amafuna kuti mlembi aliyense anene chimene anachita, ndipo akapeza kuti mwanama amalichotsa pepalalo, manyazi n'kugwera onse olembedwapo. Ndinayesa kuwauza kuti ndiwaika pa gawo lothokoza. Anakwiya. "Kumchira kuja, komwe amathokoza wotsuka mabotolo? Ine?" Pano auza kale anzawo a ku tchalitchi kuti "pepala lathu" likutuluka.

Mayi akuti, "Dzina lokha, kodi likutha inki? Usatichititse manyazi pa mtundu." Amuna anga akuti ndingotumiza, ndikawauze atsibweni kuti azungu a magaziniwo ndiwo akana. Hafsah amangoima pa khomo la ofesi n'kufunsa kuti, "Madamu, pali chomwe ndikonzenso?" Ndiye ine ndimamupezera tokonza tabodza, kuno mpatuliro, uko chithunzi. Ndamuuzanso kuti tidikire kaye tione chifukwa chake phulusa lathu limafooka nyengo ya mvula, pomwe ndikudziwa kuti imeneyo ndi nkhani ya pepala lina. Akuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma ine ndaviika mpaka ikuola.

Foni ikalira kuchokera ku Chilomoni ndimangoiyang'ana. Ndikaona Hafsah ndimayang'ana kumbali. Ndiwaike, ndiwanamize, kapena ndichite chiyani? Ndithandizeni, ndatopa.

Z.M., Nkolokosa, Blantyre

Mayi Z.M.,

Khalani pansi kaye, mupume. Za makoko ndi dizilo ine sindizidziwa, koma za atsibweni ndimazidziwa, nanenso ndili nawo.

Ndiyambe ndi chowawa. Nsalu yomwe mwaviikayo si yanu, ndi ya Hafsah. Inu ntchito muli nayo, atsibweni anapuma, mayi anu ali phee kunyumba. Yemwe tsogolo lake likunyowa ndi mwana wa eni ake, yemwe sanalakwe chilichonse. Ndipo mukumuzungulitsa ndi tokonza tabodza mpaka ayambe kuganiza kuti ntchito yake ndi yoperewera. Zimenezo lekani lero. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Dzina la atsibweni pa alembi lisapite. Mwanena nokha kuti zikadziwika pepala amalichotsa. Tangoganizani, munthu wasunga mbiri yake mpaka imvi, ndiye dzina lake lidzaoneke kamodzi komaliza pa pepala lochotsedwa chifukwa cha chinyengo. Imeneyo si mphatso ayi. Mayi anu akuona ngati n'chimodzimodzi kulemba munthu pa khadi la ukwati. Afotokozereni modekha kuti apa wolembedwa amakhala walumbira kuti anagwira nawo ntchito.

Nzeru ya amuna anu ija, pepani, ndi yakupha. Mukanamize munthu yemwe wasindikizapo mapepala inu musanabadwe? Amadziwa bwino lomwe kuti magazini sasankhira munthu alembi. Adzangogwedeza mutu n'kunena kuti "chabwino", koma mumtima adzadziwa kuti mwawatenga ngati nkhalamba yoti n'kuipusitsa. Chimenecho chidzawapweteka kuposa ayi.

Ndiye chitani izi. Musanatumize, pitani ku Chilomoni nokha, osati pa foni, osati kudzera kwa mayi. Sankhani tsiku loti palibe alendo, chifukwa munthu wamkulu akakanidwa pagulu amamva zowawa kawiri. Khalani pansi monga mwana wawo, mupepese chifukwa cha "tiona" uja, popeza ndi amene anawapatsa chiyembekezo mpaka kukalengeza ku tchalitchi. Kenako nenani mosazungulira kuti pepalali ndi la inu ndi Hafsah, ndipo likupita mawa. Akakwiya, akwiye. Musatsutsane nawo, musathawenso. Mawa lakelo katumizeni, ndipo Hafsah akhalepo aone ndi maso ake.

Koma musapite manja okha. Bwererani ku kalata yanuyi muwerengenso. Mwandiuza kuti phulusa lanu limafooka nyengo ya mvula ndipo simukudziwa chochita. Mwandiuzanso kuti atsibweni anatha zaka akulemba za kudzutsa katalisiti wofooka. Mayi, mumakwera minibasi kukasaka makoko ku Ndirande, koma munthu ameneyu munayamba mwamufunsapo? Mwina nzeru zawo n'zakale ndipo sizithandiza, ine sindingadziwe. Inunso simungadziwe musanafunse. Tengani zotsatira zanu, muziike patsogolo pawo, muwapemphe abwere ku labu. Akagwira ntchito yeniyeni, dzina lawo lidzakwera pa pepala lachitatu ndi miyendo yakeyake, ndipo palibe adzalitsitse.

Mapepala awo a pa taipi aja atoleninso chiswe chisanamalize. Funsani a ku laibulale ya koleji yanu ngati angawajambule n'kuwaika poti anthu awapeze. Ndipo ngati muli china m'menemo chokhudzadi ntchito yanu, atchuleni, mukhale wachitatu. Ine ndikuona kuti chomwe chinawalasa tsiku lija si kusowa dzina pa pepala lanu. Ndi kuona kuti palibe amene akuwafunanso.

Chenjezo langa ndi ili: musawalonjeze pepala lachitatulo ngati chotonthozera mwana. Ngati mukuwaitana ku labu, aitaneni zoona, muwapatse mpando ndi mafunso ovuta, ndipo akakutsutsani mupirire. Mukangowanyengerera adzazindikira tsiku loyamba lomwe. Mwina adzakhala milungu osakuyankhulani, konzekani. Koma kumbukirani kuti amene anakuikani pa tebulo n'kukuphunzitsani kunena mtundu weniweni womwe mukuona m'botolo ndi iwowo. Pitani mukawaonetse kuti munamva.

Aphungu