Lumo la Bina Mutinta

Amayi anga, kodi kumeneko akukusungani bwanji?

Kuno ku Libuyu tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, mawu akamalira ndi anunso. Mtengo wa mango uja munkaunena kuti ndi waulesi wabereka mpaka nthambi kuthyoka, ngati unkangodikira kuti muchoke. Mpopi wa panja ukudonthabe. Ine kuntchito, ku loji kuja ku Nakatindi, anandipatsa tchuthi, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndakulemberani.

Anandipeza ndi khansa ya m'mawere, Amayi. Musadzidzimuke, akuti anaipeza msanga. Ndimakwera basi kupita ku Lusaka kukalandira mankhwala a m'dripi, ndipo ndikabwerako ngakhale fungo la sopo limandichititsa nseru. Namwino wina anandilowetsa m'gulu la pa foni la azimayi odwala matenda omwewa. Mmenemo timauzana zonse, amene wasanza, amene wakwanitsa kudya, chimene chathandiza zilonda za m'kamwa. Ndi anthu abwino. Koma ine ndinatolamo nthenda yachiwiri, ija munkati ilibe chipatala: nsanje.

M'gulumo muli Mutinta, wa ku Highlands, msinkhu wanga, matenda ake ngati anga. Timakwera basi imodzi. Kusiyana kwathu n'kumodzi basi, iye mayi wake ali moyo. Bina Mutinta, monga amawatchulira Atonga anzawo, amathyola masamba a cham'mwamba, kuyanika, kusinja okha, n'kumuthirira m'phala. Asanayambe ananyamula ufawo mpaka kwa dokotala kukafunsa ngati sulimbana ndi mankhwala. Tsiku lililonse chithunzi: Mutinta akumwa phala la malambe, dzanja la mayi wake lili pa phewa. Ine ndimalemba kuti "Ameni, Mulungu adalitse," mtima ukuwira ngati ketulo.

Ndiye ndinati nanenso ndione. Ndinapeza wogulitsa wina pa intaneti, ndinaitanitsa makapisozi, mavitamini, tiyi amene amati amatsuka magazi. Ndinandandalika mabotolo pa windo, n'kujambula, n'kutumiza m'gulu kuti aone kuti nanenso ndine munthu. Ena anandichenjeza kuti ndikaonetse kaye kuchipatala. Inu mukundidziwa, sindinamve. Atandiyeza magazi anati chiwindi chatopa, mankhwala a m'dripi ayambe adikira, mabotolo onse ndisiye. Dokotala anandifunsa kuti anakupatsani ndani zonsezi. Amayi, ndinasowa dzina loti nditchule. Mutinta akanangoti mayi anga.

Kenako tsitsi linayamba kutsalira pa pilo. Sabata yomweyo Mutinta anatumiza chithunzi china. Mayi wake amumeta mpala, nawonso ameta, mitu iwiri yoyera ikuseka. Ndinachiyang'ana mpaka maso kuwawa. Ndinatuluka m'gululo, ndipo ndinauza Yohane kuti Lolemba sindikwera basi. Ndinkadziwa bwinobwino zimene dokotala ananena, kuti ukadukiza mankhwala nthendayo siikudikira. Koma kukhalanso ulendo wonse uja kumbuyo kwa Mutinta ndi mayi wake, kuonerera akumusendera nthochi, ndinaona kuti bola ndife ndi ulemu wanga. N'zopusa, ndikudziwa. Mukanakhalapo mukananditsina khutu.

Ndinakukwiyiraninso inu, ndisabise. Amayi a ena anadikira, inu munathamangira chiyani?

Loweruka m'mawa ndinamva odi. Bina Mutinta, ali ndi lumo ndi chitenje m'chikwama. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ngati kondakitala. Ayenera kuti Yohane ndiye anakawaululira. Sanadikire n'komwe kuti ndiwapatse mpando.

"Iwe, ni chani ichi? Wachoka mu gulu, manje ufuna kuchoka na pa dziko? Leta situlu, nkala pansi."

Ndinati ndili bwino, ndimeta ndekha.

"Mutu wa munthu ulibe maso kumbuyo. Nkala chabe, osanivuta."

Ndinabweretsa situluyo, ndinakhala pansi pa mango paja. Anandifunditsa chitenje, n'kupinda khutu langa ndi chala monga munkachitira inu pondimeta ndili ku pulayimale. Pamenepo mpamene ndinalira, kulira kwenikweni, kumene sindinalire ngakhale pa manda panu. Iwo sananditonthoze, ankangopitiriza kumeta. Dzanja lawo ndi lofewa, lanu linali lokhakhala chifukwa cha zochapa za eni ake, ndipo ndinadana nalo dzanja lofewalo pomwe ndinali kulitsamira.

Mukukumbuka atamwalira agogo? Inu munameta mpala monga amachitira kwawo ku Kasungu, ngakhale munabadwira kuno m'makomboni a njanji. Ife tinakusekani. Munati, ana a m'tauni inu, ine ndikadzafa simudzandimetera, mudzaopa kuwononga za ku saluni. Simunaname. Pa maliro anu azakhali anangodula katsitsi pamphumi pa aliyense, basi tinabalalika. Ndinawauza Bina Mutinta nkhani imeneyi. Anasesa tsitsi lonse, nalimanga m'kansalu, nandiika m'manja.

"Ili ni la amai ako, si langa. Ine nabwereka chabe mutu. Monday nizankala pakati, iwe uku, Mutinta uku."

Anasiyanso kachitini ka ufa wa cham'mwamba, koma anandilumbiritsa kuti ndisalawe mpaka dokotala wanga avomere.

Nsanje sinathe, Amayi, ndisakunamizeni. Dzulo andibwezera m'gulu, ndipo Mutinta walemba kuti tsopano tili ndi mayi mmodzi. Ndayankha kuti Ameni. Koma ndikudziwa kuti basi ikadzafika, iye adzapita nawo kunyumba, ine ndidzatsikira ku Libuyu. Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Simunandiuze kuti kukhala mwana wa mnzakoyo kumawawa chonchi.

Kansalu kaja ndakaika m'Baibulo lanu. Ndikapeza mphamvu ndidzabwera nako kumanda, ndidzakulimirenipo udzu. Ndameta, Amayi. Mochedwa, ndi lumo la mayi wa mwini, koma ndakumeterani.

Mawa ndikwera basi, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzadukizanso mpaka mankhwala athe. Musandikonzere malo kumeneko, sindikubwera msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa mpala,
Esnati