Mwana wanga akutafuna kolala, ndimubweze kwa amalume ake?

Aphungu,

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Old Town, kufupi ndi msika wa Tsoka. Singano ndaigwira zaka makumi awiri popanda vuto, koma sabata ino ngakhale ulusi ukundikanika kulowetsa. Ndili ndi mantha, ndipo ndilibe munthu woti ndingamuuze nkhaniyi osaipeza itafika kumzikiti dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake ndalembera inu.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, Suhaila, wa zaka 14. Mayi ake anamwalira zaka zitatu zapitazo. Pa sadaka ya masiku makumi anayi, akuchikazi anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwanayo akakhale kwa amalume ake, alamu anga a Twahir, ku Area 9. Kwathu mwana ndi wakuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume. Ine mkamwini anangondiitana kudzamva zomwe amanga kale. Kunena zoona, sindinakane. Ine ndimakhala m'tizipinda tiwiri kuseri kwa masitolo, pomwe alamu ali ndi nyumba ya mpanda, galimoto, ndi sukulu yabwino pafupi. Ndinati mwana wanga wagwa m'mbale.

Chinthu chimodzi chokha ndinakakamira: yunifolomu zake ndizisoka ndine. Ndiye holide iliyonse akabwera, ndimatsegula chikwama chake n'kukonza zong'ambika. Chaka choyamba ndinapeza nsonga ya kolala yakumanzere itanyenyeka. Ndinamuseka kuti kani ku Area 9 nakonso kuli makoswe, koma iye sanaseke. Ndinasoka kolala ina. Holide yotsatira, kolala yomweyo, mbali yomweyo, kuwonjezera mpendero wa hijabu wake utabooka tizibowo. Ndinadandaula za nsalu za masiku ano n'kusokanso. Ndasintha kolala imeneyo katatu, Aphungu, ine munthu wodziwa nsalu, osadzifunsa kuti khoswe wanji amadya pamalo amodzi.

Holide ino ndadzionera ndekha. Amakhala pabenchi kumbuyo kwanga, kolala ili m'kamwa, maso ali kumsewu, osadziwa n'komwe kuti akutafuna. Zikhadabo wadya mpaka pamnofu, zala zina zikuchucha magazi. Masana akawodzera pamulu wa nsalu amayamwa chala, chinthu chomwe anasiya ali ndi zaka zitatu, ndipo amakukuta mano moti ndikaimitsa makina ndimamva. Anzanga a pakhonde anati ndi njoka za m'mimba. Ndinagula mankhwala, anamwa, palibe chinasintha. Kenako mayi wina wogulitsa kaunjika ku Tsoka anandiuza kuti ndikumulekerera, ndimupake tsabola m'zala monga ankatichitira makolo athu, mawa lake asiya.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo sindikubisirani. Lachiwiri lapitali ndinasinja kambuzi pambale n'kumuitana. Ndinkayembekeza kuti athawa kapena alira. Anabwera yekha, n'kugwada, n'kutambasula manja onse awiri, maso atatsinzina. Ndinamupaka zala zonse, ndi mabala omwe, koma sanatulutse msozi ngakhale umodzi. Nditamaliza anayasamula kukamwa n'kudikira. Ndinamufunsa kuti akutani. Anati, “M'kamwa simupaka, ababa? Anti amayambira m'kamwa.”

Mbale ija inandigwa m'manja. Anti amene akunenawo ndi a Tausi, akazi a alamu anga. Ndinathamanga naye pampopi n'kumusambitsa zala ndi sopo, ine ndikulira, iye akundiyang'ana modabwa. Nditamufunsa kuti zakhala zikuchitika kangati komanso pa chifukwa chanji, anangoti, “Chonde musakawauze amalume. Akamva kuti ndanena atenga waya.” 

Tsopano zinthu zomwe ndinkaziona osaziona zikundibwerera. Ndikakweza tepi kuti ndimuyeze mapewa, amabisa mutu m'manja. Ndinatsegula kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala, patsamba lake, ndipo ndapeza kuti chiuno chake chatsika kuyerekeza ndi chaka chatha, mwana wa msinkhu woti azikula. Ndinalemba manambala amenewo ndi dzanja langa, osawerenga chomwe akunena.

Lachinayi ndinapita naye kuchipatala cha mano chifukwa ankadandaula dzino. Adokotala, mayi wachikulire ndithu, anati mano akutsogolo aperepeseka, lina labenthuka, ndipo m'kati mwa masaya muli zilonda zodziluma. Anayang'ana zala zake zotupa zija, n'kundipempha kuti ndituluke kaye. Atandiitananso anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Bambo, kunyumba kuli mtendere?” Ndinayankha kuti uli, n'kumugwira mwana dzanja, ulendo. Ndinaona m'maso mwawo kuti akundiganizira ine. Ndipo akanandifunsa kuti zalazi watupitsa ndani, ndikanati chiyani?

Dzulo ndinalimba mtima n'kuimbira alamu. Sindinatchule tsabola kapena waya, ndinangofunsa mwaulemu kuti Suhaila amakhala bwanji kumeneko popeza akuoneka wosakondwa. Anaseka n'kunena kuti, “Mwana wamasiye amafunika dzanja lolimba. Alamu, inu sokani, kulera tisiyireni.” Anamaliza ndi kundikumbutsa kuti sukulu akutsegulira posachedwa, ndipo abwera kudzamutenga Lamlungu la sabata yamawa.

Chimvereni za Lamlungulo, Suhaila wadziluma mlomo wam'munsi mpaka watupa. Chikwama sanalongedze. M'mawa uno wandifunsa ngati ndingamuphunzitse kusoka kuti azindithandiza pakhonde, mwana yemwe ankati adzakhala namwino.

Aphungu, kodi kutafuna kumeneku kukugwirizanadi ndi zomwe akukumana nazo, kapena ndi mantha anga chabe? Ndikamukaniza kubwerera ku Area 9, akuchikazi onse andiukira, anena kuti ndine wosayamika, ndipo sukulu yake yabwino ithera pomwepo. Alamu ndi munthu wolemekezeka, pa mapemphero a Juma kumzikiti amakhala mzere wakutsogolo, ndani angamvere telala wa pakhonde? Khoswe wakhala pamkhate. Ndikapita kukanena kuboma, ndikuopa kuti funso loyamba likhala la tsabola uja, ndipo andilanda mwana ine ndemwe. Koma zomukwezanso galimoto ija, mtima wanga ukukana. Ndichite chiyani Lamlungu lisanafike?

M. N., Old Town, Lilongwe

Bambo M. N.,

Kalata yanu ndaiika patsogolo pa zonse chifukwa masiku akuthamanga, ndipo maina ndawasintha kuti mwana atetezeke. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo: Lamlungu mwanayo asakwere galimoto imeneyo.

Mwafunsa ngati kutafunaku kukugwirizana ndi nkhanza. Si mwana aliyense wodya zikhadabo amene akuzunzidwa. Ena amadya chifukwa cha mayeso, ena n'chizolowezi chabe. Koma mtsikana wa zaka 14 akabwerera kuyamwa chala, n'kumakukuta mano, n'kumadziluma mpaka magazi, zonsezi zitayamba atasamuka nyumba, a zaumoyo amayamba afunsa kuti mwanayu akuopa chiyani. Pakamwa ndi pomwe mwana amayambira kupeza chitonthozo ali kubere, ndipo mantha akamuchulukira, alibe womuuza, amabwerera komweko. Komatu inu simukufunikanso kulosera. Mwana wanu wakuuzani. Wagwada, wayasamula, watchula munthu, watchula waya. Kupaka mwana tsabola m'kamwa ndi kumukwapula ndi waya si dzanja lolimba, ndi nkhanza, ngakhale zitachitikira m'nyumba ya mpanda.

Za tsabola wanuyo, munalakwadi, ndipo simukusowa ine kuti ndikuuzeni. Khalani naye pansi lero lomwe mumupepese ndi pakamwa panu. Mumuuze kuti mwamukhulupirira, kuti palibe chomwe analakwa choyenera chilango chotere, ndiponso kuti sabwerera ku Area 9. Musamupanikize ndi mafunso, ndipo musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, chifukwa simusunga. Mufotokozereni kuti muuza anthu okhawo omwe ntchito yawo ndi kumuteteza.

Mawa m'mawa makina atsekedwe. Bwererani kwa adokotala a mano aja mukayankhe funso lawo moona. Iwo sankakuzengani mlandu, ankakutsegulirani khomo, inu n'kuthawa. Apempheni alembe zomwe anaona, komanso akutumizeni kwa dokotala woti amuone thupi lonse pali namwino wachizimayi, pakuti pangakhale zipsera zomwe mtsikana sangaonetse bambo ake. Mukatero pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC, kapena ku Victim Support Unit kupolisi. Ngati mukuopa kupitako, yambani ndi kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana, akuuzani koyambira. Tengani kope la miyezo lija ndi chovala chilichonse chotafunidwa chomwe simunakonze. Nkhani ya tsabola muinene nokha musanafunsidwe. Sindingakulonjezeni kuti sakudzudzulani, koma bambo wobwera yekha, wovomera cholakwa chake n'kupempha chithandizo, samuona mofanana ndi munthu wobisa. Chomwe chingakuikeni pamavuto enieni ndi kudziwa zonsezi n'kumubweza mwanayo.

Mukuopa mwambo. Mwambo unaika malume kukhala mwini mbumba kuti mbumbayo ikhale ndi mtetezi, osati kuti iziopa waya. Ndipo lamulo la dziko lino loteteza ana limakuonani inu ngati kholo, lokhala ndi udindo pa mwana wake. Simukuba mwana wa munthu. Ankhoswe ndi a Shehe muwadziwitse ndithu, ulemu ndi wofunika, koma muwadziwitse mutabwera kale kuboma. Mukayamba ndi iwo, nkhaniyi ithera pamphasa ndi mawu oti tikhululukirane, mwana n'kukwera galimoto. Alamu anu musakangane nawo pafoni. Auzeni mawu ochepa, kuti mwana akulandira chithandizo ndipo akhala ndi inu, zina akamva kwa a ofesi. Akwiya, achibale alankhula, mwina pa Juma ena sakupatsani moni. Zipirireni. Chibale ndi fupa sichiola, koma mwana wosweka mtima satenga sabata kuchira.

Sukulu musaidandaule kwambiri. Afunseni a ofesi omwewo akuthandizeni kumupezera malo pafupi nanu. Mwana wopanda mantha pasukulu wamba amaphunzira kuposa wonjenjemera pasukulu yapamwamba, ndipo unamwino wake uja musaulole ufere pakhonde. Kusoka muphunzitseni ndithu akaweruka, aziika mabatani, azipinda mipendero, manja akakhala ndi chochita amaiwalako kukamwa. Mukamuona kolala ili m'kamwa musamukalipire, musamuseke, musamupakenso chowawa chilichonse, ndipo anzanu a pakhonde muwauze asiye kumuchitira udokotala. Chizolowezichi chitenga miyezi, chizichepa mantha akamachepa. Pemphani kuti azionana ndi mlangizi wa ana, ndipo mupezereni mayi mmodzi wodalirika yemwe angamasuke naye.

Pomaliza, chenjerani ndi izi. Ukali ukakanika, alamu anu adzabwera ndi ulemu. Adzaimika galimoto pakhonde panu, mwina a Tausi ali momwemo ndi misozi, n'kunena kuti zatha, mwana angopita tsiku limodzi akatenge zovala zake n'kutsanzika bwino. Inu ndi mtima wanu waulemuwo mudzafuna kuvomera. Musadzalole, ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa geti lija likatsekeka simudziwa chomwe akamuuze kapena kumuchita, ndipo mwana yemwe wayamba kulankhula akhoza kukhalanso chete mpaka kalekale. Zovalazo zisiyeni komweko. Ndinu telala, bambo, musokereni zina.

Aphungu