Dzina Limene Simulitchula

North York
10 Meyi 1977

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukupwetekabe? Nanga chimanga mwayamba kukolola? Kuno chisanu chatha, mitengo yayamba kuphukira. Mkamwini wanu Bester ali bwino, akugwirabe ntchito kubwalo la ndege. Ine ndikulemba nditakhala pabenchi kuchipatala.

Amayi, khazikani mtima pansi. Mwana amene tinkamuyembekezera mu Julayi wabadwa kale. Lolemba la sabata yatha, pa 2 Meyi, ndili pashifiti ya m'mawa kunyumba ya okalamba, matenda anandiyamba mwadzidzidzi. Anzanga anandithamangitsira kuno, ndipo pofika masana ndinali nditachira. Ndi mwamuna. Wabadwa masiku asanakwane, wolemera mapaundi atatu okha. Amugoneka m'kabokosi kagalasi kotenthetsera ana, timachubu tili m'mphuno. Mpaka lero sindinamunyamule. Ndimangopisa dzanja pakabowo n'kumugwira kaphazi.

Tsiku lomwe anabadwalo dokotala anatiuza mosabisa kuti mapapo a mwanayo ngosakhwima, ndipo ngati tikufuna ubatizo tisadikire mawa. Anaitana wansembe wa pachipatalapo, mzungu wokalamba, amene anabwera ndi madzi m'kakapu. Atafunsa dzina, tinangoyang'anana. Tinalibe dzina, poti tinkadikira kuti mudzatchule ndinu.

Wansembeyo anatsegula kabuku kake nanena kuti tsikulo ndi la Atanazio woyera. Anati dzinali ndi la Chigiriki, tanthauzo lake wosafa. Anatifotokozera kuti Atanazioyo anali episkopi wa ku Alekizandiriya, anamuchotsa pampando kasanu konse koma ankabwererabe, ndipo kuchokera nthawi imeneyo maepiskopi ndi ansembe ambiri akhala akutchedwa dzina lomweli. Bester atangomva zoti wosafa, misozi inalengeza, navomera.

Musamuimbe mlandu Bester. Sadziwa kanthu. Sindinamuuzepo kuti muli ndi mlongo wanu wansembe, Bambo Atanazio, ngakhale zimene anakuchitani. Wolakwa ndine. Wansembe uja anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati mayi wa mwana akuvomereza. Ndikanatha kutchula dzina lina lililonse. Koma ndinayang'ana kachifuwa ka mwana wanga kakukwera ndi kutsika movutikira, ndipo ndinati, "Inde, akhale Atanazio."

Sikuti ndaiwala, Amayi. Munandiuza kamodzi kokha, tikusenda mtedza pakhonde. Munati muli ndi pakati pa ine, wopanda ukwati, amalume anakuimiritsani pamaso pa mpingo wonse, inu mlongo wawo wa bere limodzi. Nditabadwa anakana kundibatiza, ndipo munayenda masiku awiri nditabelekedwa kumsana kukafuna wansembe wina. Kuyambira pamenepo dzinali silinamvekenso pakhomo pathu. Mukafuna kuwatchula mumangoti uja wa kumishoni.

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga. Bester wafunsa kangapo chifukwa chake ndikuzengereza kukulemberani, ine ndimangoti ndatopa. Ndinaganizapo zokunamizani kuti mwanayo ndi Medson, ngati agogo ake. Dzulo m'mawa mwanayo anasiya kupuma. Belu linalira, anamwino ananditulutsa panja, chitseko n'kutseka. Nditaima pamenepo ndinamva pakamwa panga pakuitana dzina lomwelo, mobwerezabwereza. Patapita nthawi anatsegula nati wayambanso kupuma. Apo m'pamene ndinadziwa kuti sindingalisinthe, komanso sindingakubisireni.

Sindikupempha kuti muwakhululukire amalume. Nkhani imeneyo ndi yanu, ndipo bala lake mukulidziwa ndinu. Pempho langa ndi laling'ono, ngakhale ndikudziwa kulemera kwake. M'mawa uliwonse mukagwada ndi kolona, mumatchula adzukulu anu mmodzimmodzi, ana a Selina ndi a Bertha, osadumphako. Wanganso mumutchule. Musati mwana wa Zelipa, musati uja wa ku Kanada. Mumutchule dzina lake limene anabatizidwa nalo.

Madokotala akuti masabata awiri akubwerawa ndiwo adzaonetse kumene tikulowera. Kalatayinso idzatenga masabata awiri kuti ikufikeni. Choncho sindikudziwa ngati mudzakhala mukupempherera mwana wamoyo kapena amene watisiya. Mulimonse mmene zidzakhalire, mumutchule ndithu. Ngati mwandikwiyira, ndikwiyireni ine, ndidzapirira. Iye sanalakwire munthu.

Iwe Selina, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi. Usadumphe mzere ngakhale umodzi, ndipo ukamaliza usawasiye okha. Undiyankhe msanga zimene anena, zabwino kapena zowawa.

Mundiperekere moni kwa Bertha, alamu onse ndi ana. Bester akupereka moni wambiri. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Ndine mwana wanu,
Zelipa