Mipata ya a Mwale

Lamulungu, Novembala. Kwazizira, ndipo tsiku lonse mtima wanga wakhala wolemera.

Lero taimba koyamba kutchalitchi ku Brampton, kuno kutsidya la nyanja, chimwalirireni a Mwale, mnzanga woimba gitala yotsogolera, ya lidi. Ndinagoneka pamiyendo gitala yanga ya sitilo, ija yoimba potsetsereza chitsulo pa nsambo, mpando wawo uli pomwepo kumanzere kwanga. Palibe amene walimba mtima kuuchotsa.

Zaka zonsezi tinkagawana timipata tija timene woimba amasiya akamakoka mpweya. Ndime yoyamba inali yawo, yachiwiri yanga. Sitinakhalepo pansi kukambirana. Akafuna kundipatsa mpata wawo ankangoweramitsa gitala pang'ono, ine n'kulowa.

Ndiye lero Mayi Phiri, otsogolera nyimbo, atamaliza mzere woyamba, ine ndinadikira, chitsulo chili m'dzanja, maso ali kumanzere. Munangoti zii. Mzere wachiwiri chimodzimodzi, kumangomveka ng'oma ndi gitala ya besi.

Titatuluka, mayiwo anandipeza poimika magalimoto. "Achimwene, mipata ija ndi yanu tsopano. Muziimbamo, anthu akuona ngati mwasokonezeka."

Ndinati ndamva, koma zinandipsetsa mtima, ngakhale sanalakwe. Zimene a Mwale ankaikamo ndikhoza kuziimba ndili m'tulo. Kungoti sindinalowepo m'ndime yawo iwo asanandiweramitsire gitala.

Lachinayi tili ndi pulakatisi. Akuti kubwera wa kiyibodi wochokera ku mzinda wa Hamilton, wodziwa ntchito yake. Adzadzaza paliponse, ndikudziwa. Mwina ndi bwino choncho. Koma lero m'mipata yopanda kanthu ija ndi mmene ndinawamvanso a Mwale.